Oyilo wa Vaneti ya a Abednego

Chaka chimene katundu wa ku Joni anayamba kudzaza m'mashopu a ku Chipata, a Abednego Zulu analowa m'shopu ya masipeya ya mlamu wawo Lettie nkhope ili gwa. Vaneti yawo inali itazima pachitunda mwezi wathawo, amayi a kwaya n'kuikankha atavala yunifolomu, ndipo amayiwo analumbira kuti ikadzazimanso pa ulendo wa mawa wa ku Chipangali, basi, sadzaikweranso. Manyazi ake, abale!

"Alamu, ndipatseni oyilo wamphamvu."

"Alipo wamitundu iwiri," anatero Lettie, akuika zigubu pakauntala. "Wamba ndi wopanga."

"Wamba? Mukundiona ngati munthu wamba ine?"

"Ayi, wamba ndi oyiloyu. Inu ndinu alamu."

"Nanga wopangayo? Mwayamba kugulitsa zafeki?"

"Si feki. Ndi sinthetiki."

"Ehe, mwaulula nokha! Wosinthasintha!"

"Ayi, ameneyu ndiye sasinthidwa msanga."

A Abednego anavula chipewa n'kuchivalanso. Munthu ameneyu akakana chinthu, ngakhale abusa amangomusiya.

"Anamupanga ndani?"

Lettie anatembenuza chigubu n'kuwerenga mosamala. "Anthu a kufakitale."

"Nanga winayu?"

"Mulungu. Amachokera pansi pa nthaka."

"Aa! Dothi mu injini yanga?"

"Amamusefa kaye."

"Ndiye mukuti ntchito ya Mulungu njofuna kusefa? Alamu, inu mumaimba kwaya!"

"Eya, alito," anavomera Lettie.

"Sindikufunsa mawu anu! Wabwino ndi uti?"

"Wopangayu amapirira kutentha."

"Ine ndine mkulu wa mpingo. Sindingasiye za Mulungu n'kutsata za anthu."

"Tengani wamba."

"Mwayambanso kunditukwana!"

Lettie anabweza zigubu zonse pashelefu, phee.

"Iii, mukuchotseranji?"

"Mwakana onse awiri."

Apa a Abednego m'maso mwawo ankaona kale amayi aja akukwera lole ya munthu wina, akuimba, iwo atatsala okha pamsewu. Anatsitsa mawu n'kuweramira pakauntala.

"Alamu, tisakangane. Inu munalipo tsiku lija."

"Ndinalipo. Ndinakankha cha kutayala lakumanzere. Chitenje changa chinang'ambika."

"Pepani. Inu munamva ndikuuza amayi onse kuti vuto linali oyilo."

"Ndinamva."

"Ndiye mawa andione ndikuthira oyilo watsopano pamaso pawo, mitima ikhale pansi. Tandiuzani monga m'bale, ndi uti amene sangandichititsenso manyazi pachitunda paja?"

Lettie anatsitsanso zigubu zija. Anawerenga chimodzi kutsogolo ndi kumbuyo, anawerenganso chinzake, mpaka timalemba tating'ono ta pansi. Kenaka anapukusa mutu, chisoni chenicheni chili pankhope.

"Pepani alamu, ndafunafuna. Pa awiriwa palibe amene alemba kuti amakumbutsa munthu kuthira petulo."