Sizasi ya Bambo Ili pa Khoma

— Halo?

— Halo. Kodi ndi aphunzitsi a zojambulajambula?

— Ndi ine. Nanga mwaimbanu ndani?

— Ndine Kachiswe, aphunzitsi.

— Kachiswe... Iwe! Uja ankatafuna mapensulo anga mpaka kutsala kachidutswa?

— Yemweyo. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe? Mawu akula awa. Tsopano ndiziti iwe kapena inu?

— Iwe yemweyo. Ndine namwino masiku ano, koma kwa inu ndikadali Kachiswe.

— Namwino! Odwalawo usamawatafune. Kunyumba ali bwanji?

— Alipo ndithu. Nanga bondo lanu lija?

— Limandiuza za mvula isanagwe. Dikira ndituluke, muno mu holo netiweki ndi yamwayi... Ehe, ukundimva?

— Ndikukumvani. Phokosolo ndi ana?

— Loweruka lililonse, monga kale. Lero alipo khumi ndi anayi, akuzula misomali m'mabokosi akale. Koma a masiku ano amayamba achijambula chinthu pa foni asanachikhudze. Inu munkangolowa kudzala ndi manja awiri.

— Tinkafika kunyumba tikununkha guluu. Mayi ankati, "Kumeneko mukuphunzira luso kapena kutola zinyalala?"

— Zonse ziwiri! Zenera lija munaswa ndi makwerero likadali lotseka ndi katoni yomwe munapenta. Galasi ndinagula, koma ndikati ndichotse katoniyo mtima umakana.

— Nanga mbalame yathu ija?

— Ilipo, pakhoma pomwe paja. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mapiko a zitsekerero za mabotolo afiira ndi dzimbiri, koma ndiye akukongola. Miyendo ya masipoko a njinga, diso la wotchi yakufa...

— Ndi mlomo.

— Ndi mlomo wako uja wa sizasi. Mwana aliyense watsopano ndimayamba kumuimika pamenepo. Ndimati, ana asanu ndi anayi anabweretsa aliyense chinthu chimodzi chakwawo chomwe chinatha ntchito, nkunena mbiri yake, kenaka tinamata. Wandiimbira nthawi yabwino: Lolemba ikubwera galimoto kudzaitenga. Ikupita ku chionetsero chachikulu, koyamba kutuluka muno.

— Lolemba lomweli?

— Lomweli. Halo, ukadalipo?

— Ndilipo. Aphunzitsi, ine ndinakunamizani.

— Ndikumva.

— Sizasi ija sinali yotha ntchito. Bambo ankadulira nsalu tsiku ndi tsiku pakhonde la sitolo paja ankasokera. Anawapatsa ndi telala amene anawaphunzitsa ntchito. Anzanga anabweretsa zinthu zokongola, ine kwathu ndinangopeza mabatani. Ndinachita manyazi. Ndiye ndinaitenga m'kabati ya mashini, bambo atapita kukadya.

— Unali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ine ndinaona kuti ndi yakuthwa, koma sindinafunse. Inandikomera pamlomo paja.

— Bambo anaganizira achimwene. Anawakwapula ndi lamba kuti anena komwe anakagulitsa. Ine ndili pakhomo, manja ali guluu yekhayekha, osatsegula pakamwa.

— Mh.

— Tsopano bambo akalamba, mutu ukuiwala. Ine samandidziwa, amanditcha "adokotala". Amene amawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi achimwene omwewo. Sabata yatha ndinali kumeneko pa holide. M'mawa uliwonse bambo amakhala pa mashini, nkuyamba kufufuza m'kabati. Akatero amaitana: "Iwe, sizasi yanga unaika kuti?"

— Achimwene akowo amayankha chiyani?

— Amagwada, munthu wa ana atatu, nkunena kuti, "Ndinataya, bambo, pepani." Bambo amalira pang'ono, nkuiwala. Mawa lake chimodzimodzi.

— Simunayese kugula ina?

— Ndinagula ziwiri. Amangoigwira nkuiponya uko. Yawo ija chogwirira anakulunga ndi ulusi wofiira okha, chala chawo chimaidziwa.

— Ulusiwo ukadalipo. Koma umve, mwana wanga. Ndinaimanga ndi waya kumbuyo kwa thabwa, pamwamba guluu, kenaka vanishi katatu. Siingadulenso ngakhale pepala. Ndipo ndikaizula, nkhope yonse ya mbalame ing'ambika.

— Ndikudziwa. Nchifukwa chake ndakhala masiku anayi nambala yanu ili m'manja. Mwina ipite kaye ku chionetseroko, ikadzabwerako...

— Ikakhala kumeneko miyezi itatu. Iwe ndiwe namwino. Bambo ali nayo miyezi itatu?

— ...Sindikudziwa, aphunzitsi. Akudya pang'ono.

— Basi. Dikira. Ana inu! Siyani misomaliyo, tsitsani mbalame pakhoma. Awiri uku, awiri uko, pang'onopang'ono! Wina anditengere pulayala ndi kampeni kaja... Halo, ulipo?

— Aphunzitsi, nanga chionetsero?

— Ipita yopanda mlomo. Anthu a kumeneko adzaima patsogolo pake atagwira chibwano, nkumati ndinachita dala. Iwe usalire, ukundiliritsa pamaso pa ana.

— Zikomo. Mawa nditumiza munthu adzatenge.

— Munthu ayi. Inabwera muno m'manja mwako, ituluka m'manja mwako. Achimwene ako akudziwa?

— Ayi.

— Ndiye ukafika nayo pakhomo, udzati waitola pamsewu?

— Ndimaganiza zongoiika m'kabati mwakachetechete, bambo aipeze okha.

— Bambo aipezadi. Nanga uja wakhala akugwada?

— Ndiwauza chiyani, aphunzitsi? Zaka zonsezi...

— Zomwe wandiuza inezi, osachotsa, osaonjeza. Akakwiya, akwiye, ndi ufulu wawo. Uwaimbire lero, usanagone nazonso.

— Mayunitsi anga atsala pang'ono, foni yalira kale kawiri.

— Ndiye ukutayiranji pa nkhalamba ngati ine? Dula, uwaimbire achimwene ako ndi otsalawo.

— Koma sindinakufunseni za—

— Udzandifunsa mawa. Dula, Kachiswe.

— Chabwino. Ndikuwaimbira. Tsalani bwino, aphu—