Mikaeli Wathu Sitibwereka kwa Munthu

Olemekezeka a Meya a tauni yathu ya San Miguel Tzanjá, a Don Gaspar Tzunux. Olemekezeka Bambo Mfumu a parishi ino. Olemekezeka mayi ochokera ku unduna wa zachikhalidwe kulikulu. Olemekezeka bambo oimira kazembe wa dziko limene katundu wathu anakagonera zaka zonsezi. A Tat ndi a Nan, abambo ndi amayi athu akuluakulu, nonse osamala nyumba ya Mikaeli Woyera. Oimba marimba, amene ndikuona kuti manja akukuyabwani kale. Abale anga nonse, landirani moni.

Pondiitana mwanditchula kuti loya Candelaria Ixcoy, ndipo ndathokoza. Koma kuno ndine Cande, mwana wa Baltazar Ixcoy, amene ankasamala nyumba ya Mikaeli isanawotchedwe, ndipo lero ndilankhula ngati mwana wake.

M'chaka cha 1982, tsiku la msika, asilikali analowa m'tauni muno. Ine ndinali namwali, ndikugulitsa matamale, chakudya chathu cha chimanga chokulunga m'masamba, ndi amayi pa masitepe a tchalitchi apo. Mkulu wa asilikaliwo sanayambe n'kuwombera ayi, anayamba n'kusankha. Analowa m'nyumba ya Mikaeli ngati munthu wofuna nsapato m'sitolo, akuloza ndi kandodo: ichi, ichi, ndi icho. Anatenga zigoba zovinira, anatenga nsalu zimene analuka agogo athu, ndipo anatenga Mikaeli mwiniwake, amene makolo athu anamusema ndi mtengo wa mkungudza, mapiko opaka golide, lupanga lili m'mwamba.

Bambo anaima pakhomo n'kunena kuti, "Bwana, ameneyu satuluka popanda nyimbo."

Msilikali uja anaseka. "Ndiye umunyamule wekha, mdala, uzimuimbira panjira."

Bambo anamubereka kumsana mpaka pa lole, asilikali anawakweza naye pamodzi ndi amuna ena a pamsika, ndipo lole inapita. Nyumba anaiyatsa moto. Bambo sanabwerenso mpaka lero.

Ambiri anandilangiza kuti ndiiwale, poti nkhondo ndi nkhondo. Ine, mutu wouma ngati wa bambo anga, ndinapita kukaphunzira zamalamulo. Patapita zaka zambiri, Eulalia Chay, mwana wa konkuno amene amasamala nkhalamba kutsidya kwa nyanja, anandiimbira foni.

"A Nan Cande, ndamuona! Ali m'nyumba yoonetseramo zinthu zakale. Amutsekera m'galasi ngati keke, ndipo alemba kuti kwawo sikudziwika."

Ndinati, "Kwawo sikudziwika? Bwerera ukamunong'oneze kuti akwawo akubwera."

Tinapita. Eni nyumba yoonetseramo zinthu ija anatilandira mwaulemu, anatipatsanso khofi, khofi wake wa m'mapiri athu omwewa. Sekani ndithu, nafenso tinaseka. Anatiuza kuti iwo anagula mwachilungamo kwa munthu amene anagula kwa munthu amene anagulanso kwa munthu wina. Kenaka anati, "Tikubwerekani kwa kanthawi, anthu anu amuone, abwerere kuno. Mungosaina kuti ndi wathu."

Ambiri a inu munalipo pamene tinakumana pabwalo lino kukambirana nkhaniyi, ndipo mukukumbukira kuti panatentha. Mchimwene wanga Mateo anandiloza chala pamaso panu.

"Saina iwe, Cande! Amayi akudwala. Ukufuna afe osamuona chifukwa cha matama akowo? Malamulo akowo tidya?"

Munamuombera m'manja, ndipo sindikukudzudzulani, poti ankalankhula chifukwa cha chikondi. Ndinapita kwa amayi, a Nan Petrona, ali chigonere pamkeka, ndipo ndinawafunsa kuti, "Amayi, ndisaine?"

"Akuti atibwereke?"

"Eya."

"Bambo ako anamubereka. Iwowo anamubereka liti kuti lero atibwereke? Unaona kuti munthu akubwereka mbuzi yake kwa amene anaiba? Ukasaina, pa maliro anga usadzaponde."

Sindinasaine. Mlandu unakoka, unakoka, ndipo amayi tinawaika m'manda asanamuone. Mateo anasiya kundilankhula kwa nthawi yaitali. Sindikunamizani kuti sizinawawe. Zinawawa, ndipo zikuwawabe. Koma bwalo la milandu la kwawo komweko, m'chilankhulo chawo chomwecho, linagamula kuti chobedwa pa nkhondo sichisanduka chogula, ngakhale chitadutsa m'manja angati. Tsiku limene bokosi la Mikaeli linafika, Mateo ndiye anazula misomali yake. Atamuona Mikaeli anakhala pansi n'kulira ngati mwana, kenaka anati, "Mutu wakowu, Cande, ndi wa bulu." Umo ndi mmene amapepesera a kwa Ixcoy.

Olemekezeka oimira kazembe, takuthokozani chifukwa chobwera, pakuti ulendo ndi wautali ndipo mpando mwakhalapowo lero ndi wotentha. Koma mawu amene munapempha kuti tilembe pakhoma, akuti "mphatso", sitinalembe. Mphatso timaidziwa, timavina nayo. Ife talemba kuti: anabedwa, anabwerera. Ndipo mukabwerera kwanu mukauze onse amene apachika zigoba zathu m'zipinda zawo zochezera, ndi amene afunditsa mipando yawo nsalu za agogo athu, kuti anthu a ku Tzanjá sachedwa kulira koma amachedwa kutopa.

Olemekezeka mayi a ku unduna, inunso muli ndi uthenga wonyamula. Ngati mtengo wosema wapezeka kutsidya kwa nyanja, anthu amene anakwezedwa pa lole angalephere bwanji kupezeka m'dziko lawo lomwe? Alipo amene akudziwa pamene loleyo inaima. Akudya, akugona, ena akulera zidzukulu. Atiuze, tikakumbe, tiike abale athu ngati anthu.

Mwambo umati akuluakulu a pansanja ndiwo ayambe kulowa. Lero ayi. A Meya, Bambo Mfumu, alendo athu, tonse tidikira padzuwa pano. Ayambe amayi awo akhala kutsogoloko, amene amuna awo anatengedwa tsiku lija. Alowe, amugwire, amuuze zonse zimene akhala akusunga, ndipo pasapezeke wowafulumizitsa.

Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba yatsopano ya Mikaeli Woyera yatsegulidwa. A Nan, dzukani, khomo ndi ilo.

Zikomo kwambiri.