Vani Yathu Yomwe Inkawira pa Athi River

M'zaka zija msewu wa ku Mombasa usanakwezedwe m'mwamba pa zipilala, pamene munthu unkagula nyuzipepala pa jamu n'kuiwerenga yonse mpaka tsamba la mpira galimoto isanasunthe, ine ndinali ndi vani yanga yoyera, ndipo lero ndikuuzani za vani imeneyo poti ndamva kuti kagalimoto mwabwerekako kawira pa geti. Kasiyeni kazizire, musakatsegule chivindikiro cha redieta kakadali kotentha, mungasupuke nkhope ophunzira inu musanalandire n'komwe madigiri anuwo. Sendezani mipando kuno. Iwe Asiyatu, ika foniyo pansi, sithawa ayi.

Nthawi imeneyo ndinali mu Nairobi momwemuno, koma sindinkakhala kuno ku South C kwa mwana wanga Limbani. Ndinkakhala ku Kawangware ndi mayi ake, Nangozo, mkazi wa ku Dedza wobadwira m'munsi mwenimweni mwa phiri, ndipo ine ndinali nditangopuma pa ntchito yanga yoyendetsa mabwana a bungwe lina. Tinkati tsopano tipume, koma matenda a shuga anali atayamba kale kumudya maso mkazi wangayo. Dokotala sanatibisire. Anati maso akupita pang'onopang'ono, ndipo akapita sabwereranso. Titatuluka m'chipatala muja tinakwera matatu, minibasi za kuno zija, ndipo iye njira yonse ankangoyang'ana pawindo ngati munthu amene akuwerenga nyumba.

Titafika kunyumba anati, "Abambo a Limbani, ndikufuna ndikalione phiri la kwathu maso asanatseke. Koma za ndege ayi. M'ndege munthu umangoona mitambo. Ndikufuna ndione dziko lonse lili pakati pa pano ndi kwathu, ndidziwe kuti munandipititsa kutali bwanji."

Mwamva? Akuti munandipititsa! Chonsecho anachita kulongedza yekha sutikesi tsiku lobwera kuno. Koma ndinamumvetsa, ndipo mtima wanga unawawa kwambiri.

Vani ija inali yokalamba, injini yake yaing'ono ya petulo inkatsokomola ngakhale pa kachitunda ka pa msika, ndiye ndinapita nayo kwa mnzanga Wafula, fundi wokonza magalimoto wa m'dera lathu, amene garaja yake inali malata anayi ndi mtengo wa mapeyala. Ana inu masiku ano galimoto ikadwala mumailumikiza ku kompyuta kuti inene yokha pamene pakuwawa, koma ife tinkaika khutu pa chitsulo n'kumvetsera. Wafula anazula injini yakale n'kuikamo ya dizilo yochokera m'kalole kena, yaikulu moti inadzaza malo onse pansi pa mipando. Redieta inasowa pokhala, ndiye anaisamutsira kutsogolo, kuseri kwa timawaya ta pamphuno pa galimoto. Fani yakale yoyendera lamba sinakanafikako kumeneko, choncho anakatola ya magetsi pa galimoto ina yakufa, ya mawaya awiri akuda bii ndi girizi, n'kuimangirira kumbuyo kwa redieta. Titaiyatsa inalira mwamphamvu, fuuu, ndipo tonse tinaomba m'manja.

Kumbuyo tinachotsa mipando n'kukhoma bedi lalitali lofanana ndi windo, kuti Nangozo akatopa azigona koma akuonabe kunja. Madzulo dzuwa likamapendeka ankabwera kugaraja kuja, n'kukwera pabedi paja vani ili pa miyala yopanda matayala, n'kuyamba ulendo ali pomwepo. Ankatchula malo mmodzimmodzi ngati akuimba, Namanga, Arusha, Iringa, Mbeya, Songwe, Karonga, ndipo akafika pa Kasungu ankatseka maso n'kunena kuti akumva fungo la fodya wouma m'zigafa, akafika pa Linthipe ankati kwayamba kuzizira, ndimupatse juzi. Wafula ankaseka ali pansi pa galimoto n'kumati, "Mama, pole pole, musathamange, ine ndikadali pa Namanga ndi sipanala!"

Tinanyamuka mvula itangosiya, dziko lili lobiriwira, kumwamba kuli mbee. M'tauni monse, m'jamu monse muja, muvi wa geji ya kutentha unakhala pakati osagwedezeka. Koma titangodutsa bwalo la ndege, msewu n'kutseguka, ine n'kuponda mafuta kuti injini yatsopano ionetse mphamvu zake, muvi uja unayamba kukwera. Ndinkauyang'ana ndi diso limodzi, osafuna kumuuza mayi. Pofika pa Athi River, pamene pamaoneka mafakitale a simenti aja ndipo msewu wa ku Namanga umapatukira kumanja, muvi unali pofiira, nthunzi ikutuluka pansi pa mpando wanga. Ndinaimika pambali. Tinakhala pamenepo pafumbi loyera lija, malole akutiwomba ndi mphepo, mpaka injini inazizira, ndipo tinabwerera.

Tsono chodabwitsa chake n'chakuti titalowanso m'jamu pobwerera, galimoto ikuyenda ngati ng'ombe yokhuta, muvi unatsika wokha n'kukhala pakati bwinobwino. Iwe Madalitso, paja umaphunzira za uinjiniya, galimoto yanji imazizira pa jamu n'kumawira pamsewu wa mphepo? Usayankhe, dikira, ukuganiza kuti ife tinalibe mitu?

Wafula anayamba ndi thamositati, kachitsulo kaja kamatsegulira madzi njira injini ikatentha. Anakaika m'poto wa madzi owira n'kuona kuti kakutseguka, komabe anakasintha. Anatsuka redieta mpaka madzi anatuluka oyera, anasintha chivindikiro, anasintha mapaipi, anamasula pampu ya madzi n'kuibwezera. Kenako anati mwina fani ikuchedwa kuyaka, ndiye anaikokera waya wonenepa kuchokera ku batire, anaika fyuzi yake ndi kachipangizo kamagetsi kaja amati rile, ndi kaswichi pafupi ndi chiwongolero kuti ndiziiyatsa ndekha. Tikamaliza chilichonse tinkakayesa galimoto, koma tinkaiyesa kuti? Mu Kawangware momwemo ndi m'misewu ya m'tauni, momwe sungathamange ngakhale utafuna. Inkayenda bwino, fani ikulira, ife n'kumati yachira. Kenako Wafula ankakumbukira china choti aonenso, poti naye ankaopa kutitumiza kutali ndi galimoto yosadalirika, ndipo mwezi unatha, wina unalowa.

Koma maso a Nangozo sankadikira fundi. Poyamba analeka kulowetsa ulusi m'singano. Kenako tsiku lina anapatsa moni mulu wa matumba a makala pamsika, akuyesa ndi mayi wina wa kutchalitchi, ndipo anabwera kunyumba akuseka yekha, koma usiku wake sanadye. Ine mantha anandigwira, ana inu, mantha enieni. Ndinamuchonderera kuti tikwere ndege basi, Limbani anali atanena kale kuti atigulira matikiti, koma iye anati, "Bedi langa munalikhoma kale. Ndipita pa bedi langa."

Ulendo wachiwiri Wafula anati atiperekeza mpaka pa malire a Namanga, adzabwerera pa matatu. Anakhala kutsogolo ndi ine, bokosi la masipanala pamiyendo, maso ake pa geji. Tinadutsa jamu, tinadutsa bwalo la ndege, ndinaponda mafuta, ndinayatsa kaswichi kaja, fani inalira, ndipo muvi unayamba kukwera monga kale. Pa Athi River pomwe paja, pafupi ndi mayi wina wowotcha chimanga, tinaimanso. Wafula anatsika n'kukakhala pamwala, mutu uli m'manja. Munthu wamkulu uja, wodziwa ntchito yake, misozi inali pafupi. Anati, "Mzee," paja kuno achikulirefe amatiitana choncho, "ndasowa chochita. Mwina injiniyi ndi yaikulu kwambiri, redieta singaikwanitse."

Ine ndinazimitsa injini koma fani ndinaisiya ikuzungulira kuti iziziritse. Ndiye Nangozo anatsika pabedi pake kuti awongole miyendo. Poti kuwala kwa dzuwa kunkamuvutitsa, ankayenda atagwira galimoto ndi dzanja, akuisisita m'mbali mwake, mpaka anazungulira n'kukaima kutsogolo kwenikweni. Ndimamuonabe mpaka lero ataima pamenepo, fumbi la simenti likuuluka kumbuyo kwake, chitenje chake cha maluwa achikasu chikupepeluka. Kenako anati, "Abambo a Limbani, bwanji galimotoyi ikundipumira mpweya wotentha m'miyendo? Ikuchita kundikankhira chitenje kumbuyo."

Wafula anadzutsa mutu. Chichewa sankachimva bwino, koma chitenje anachiona. Anathamanga kwa mayi wa chimanga uja, anatola khoko limodzi louma, n'kuliika pa timawaya ta pamphuno paja. Fani yabwino imakoka mpweya kuchokera kunja kulowetsa m'kati, ndiye khoko likanamatirira pomwepo. Koma ili linauluka n'kukagwera kumapazi kwa Nangozo. Analitolanso, analiikanso, linaulukanso.

"Mungu wangu!" anatero Wafula, atagwira pakamwa. "Ikuzungulira chobwerera!"

Mwaona tsono? Fani ya magetsi ilibe mwano, ukaipatsa mawaya mosemphanitsa imazungulirabe, ndipo imalira chimodzimodzi, kungoti imakankha m'malo mokoka. Pa jamu palibe mphepo, ndiye kaya ikoke kaya ikankhe, mpweya umadutsabe m'redieta n'kuziziritsa madzi. Koma pamsewu wotseguka mphepo imalowa mwamphamvu kuchokera kutsogolo, fani nayo ikukankha kuchokera kumbuyo, ziwirizi n'kukumana pa redieta pomwepo, mpweya n'kuima, madzi n'kuwira. Ife anthu a mu Nairobi tinazolowera kuti galimoto imayesedwa pa jamu, poti kumeneko n'kumene zimafera zambiri, ndipo tonse tinkaiyesa fani ija ndi makutu okha. Panalibe anaganizapo zoima kutsogolo kwake.

Wafula anagona pansi pafumbi pomwepo, anadula mawaya awiri aja, anawasinthanitsa, anawakulunga ndi tepi, ndipo ntchito yonse inatha chimanga chimene ndinagulira Nangozo chisanapse. Ataikanso khoko lija linamatirira nganganga. Anaseka, ine ndinaseka, koma kuseka kwanga kunali kowawa, chifukwa ndinkaganiza za masabata onse aja amene anapita chifukwa cha timawaya tiwiri.

Kuchokera pamenepo muvi sunasunthenso. Wafula tinamusiya pa Namanga akutibayibitsa ndi chipewa, ndipo ife tinalowa m'dziko lalitali lija. Aa, ana inu, ulendo umenewo ukamandibwerera umabwera ngati maloto a masana. Nangozo ali gone pabedi pake, chipumi chili pagalasi, ine ndikuyendetsa pang'onopang'ono n'kumamuuza zimene zikudutsa. Zapafupi ankaziona, ng'ombe za Amasai zikuwoloka msewu, amayi ogulitsa anyezi ofiira m'mabeseni, milambe ikuluikulu ya m'chigwa chija musanakwere ku Iringa, imene anandiuza kuti ndiime kuti akaigwire ndi manja. Zakutali ankandifunsa. "Uko kuli chiyani?" Ine n'kumati minda ya mpendadzuwa, kapena tiyi wa m'mapiri a ku Tukuyu, iye n'kumati, "Eya, ndikuona kubiriwira." Titawoloka Songwe, wapolisi wa pa malire atangoti "Mwayenda bwanji, amayi," analira ngati mwana, ndipo wapolisiyo anachita manyazi n'kutiuza kuti tizipita.

Koma tinali titachedwa. Dziko limene tinkafuna kulipeza lobiriwira linali litauma, anthu atayamba kutentha tchire, ndipo kumwamba konse kunali utsi wotuwa. Titadutsa Lilongwe, titadutsa Linthipe, masana dzuwa litapendeka pang'ono, phiri la Dedza linatulukira kutsogolo kwathu, lotuwa, mitengo yake ya paini ikuoneka mwa apo ndi apo. Ndinaimika galimoto pambali, ndinamutsitsa, ndinamugwira mapewa n'kumutembenuzira kumene linali.

Anayang'ana nthawi yaitali, maso atawatsinzinitsa. Kenako anakweza dzanja n'kuloza. "Ndi ilo?"

Chala chake chinaloza pambali pang'ono, pamene panali chiutsi cha tchire chikukwera. Ndinagwira dzanja lake, ndinalisuntha pang'onopang'ono mpaka linafika pa phiri penipeni, ndipo ndinati, "Ndi ili, Nangozo."

Dzanja lake linali likadali m'mwamba m'dzanja langa. Kenako anapuma mozama n'kunena kuti, "Eya. Ndaliona. Tiyeni, achemwali akudikira."

Anakhala ku Dedza komweko kwa achemwali ake, ndipo ine ndinakhala naye mpaka tinamuika m'munsi mwa phiri lomwelo, kenako Limbani anadzanditenga. Zaka zonse zimenezo sindinamufunsepo ngati analionadi, kapena ananena pofuna kuti mtima wanga ukhale pansi. Ndinkaopa yankho lake, ndipo mpaka lero sindidziwa.

Basi, kagalimoto kanu kaja kazizira tsopano, pitani mukakaone. Koma musanadzuke, ndikudziwa kuti ena mwa inu amayi anu akumakufunsani pafoni kuti mubwera liti, inu n'kumati ndikamaliza sukulu, ndikapeza ntchito. Akakufunsaninso, adzukulu anga, auzeni mwezi wake, ndipo mwezi umenewo ukakwana, pitani.