Chisanu Chidapsereza Dimba Langa Kawiri

Abale anga mwa Khristu, landirani moni wanga nonse. Ndine Nangozo wa ku Domwe. Ndikuuzeni za chaka chimene asipayo, apolisi a atsamunda, adagwira amuna anga kupita nawo ku chibalo, ntchito yokakamiza ija, n'kundisiya ndi nkhokwe yopanda kanthu ndi mwana mmodzi, Maliya.

Pofika mwezi wa Junyu mwanayo adayamba kutupa miyendo chifukwa cha njala. Mtima wanga wonse udali pa dimba la kuseri kwa nyumba, chakumunsi ku dambo, momwe ndidabzala mpiru, kovi (ndiwo zonga kabichi) ndi nsawawa zoti ndizikasinthitsa ndi chimanga kumalire. Chisanu chidagwa, masamba onse adada ngati awauka ndi moto. Ndidafesanso, chidagwanso. Ine ndinkadikira dzuwa likwere ndisanathirire, ati kuchitira mbewu chifundo kuti madzi a m'mawa angazizizire. Kupusa kwakeko!

Ndidagwada pakati pa mizere yakufayo n'kulira mokweza, osasamala za odutsa. Ndidati, Ambuye, mwanditengera mwamuna, kodi mufunanso mwanayu? Sindibisa, Mulungu ndidamukwiyira.

Amene adandimva ndi aChisale, mkulu wa gule wamkulu, a dimba loyandikana ndi langa. Ife a ku misiyoni tinkatalikirana ndi anthu a gule, koma ine ndidachita kuonjeza, zaka zitatu osawapatsa moni.

Adaima pa mpanda nati, "Mayi a Maliya, ndiwo zanu zikupsa dzuwa likapeza chisanu chili pamasamba. Muzithirira lisanatuluke, muchitsuke. Madzulo muzizifunditsa udzu."

Manyazi adandigwira, zikomo wake ndidangomunena chapansipansi. M'mawa mwake ndidapeza mtolo wa mbande za kovi wawo pa khomo la dimba. Masabata asanu ndi limodzi ndinkatunga madzi zala zili gwa, ming'alu ya kumapazi ikutuluka magazi, n'kumathamangira kunyumba kukamvetsera ngati mwana akupumabe. Kovi uja adakula. Dengu loyamba lidandibweretsera chimanga ndi nyemba, ndipo pang'onopang'ono miyendo ya Maliya idaphwa.

Amuna anga sadabwerenso, ndipo bala limenelo silidapole mpaka lero. Komabe ndikuthokoza Mulungu amene adayankha pemphero la munthu wokwiya. Inu amene mukulira lero, musaleke kupemphera, ndipo musamusankhire Mulungu munthu woti atume. Ine ndikadasankha ndekha, Maliya ndikadamuika m'manda chisanu chomwecho.