Nyumba ya ku Zomba Yomwe Sitinagonemo

Omvera anzanga, ndine mayi wokhala kunja kuno, ku Romford. Ndagwira ntchito yaunesi kuno mpaka msana kupindika, ndipo mwezi uliwonse ankandidula ndalama ya National Insurance. Ine pongomva mawu oti inshuwalansi, mtima unali m'malo. Ndinkati tikadzakalamba adzatisamala.

Chaka chatha amuna anga anadwala sitiroko. Atatuluka m'chipatala ankafunika owasambitsa ndi kuwatembenuza, zomwe ndekha sindingathenso. Kunabwera mayi wa ku khonsolo kudzaona ngati tikuyenera thandizo, ndipo anafunsa ngati tili ndi katundu kwina. Abambo akunyumbawo, ngakhale pakamwa panali popotoka, anayankha monyadira: "Tili ndi nyumba ku Zomba, yampanda!"

Mayiyo analemba. Kenako anatiuza kuti nyumbayo ndi chuma, ndiye osamalira odwalawo tiziwalipira tokha.

"Nanga inshuwalansi ija?" ndinafunsa.

Anati ija ndi ya penshoni. Yosamalira munthu akakalamba ndi ina, umagula wekha.

Lero penshoni yathu imangodutsa m'manja. M'nyengo yozizira timatenthetsa chipinda chimodzi chokha. Achibale kumudzi akuti tayamba kuumira. Mwana wathu amangoti, "Mum, just sell it," koma abambo akamva zogulitsa nyumbayo amatembenukira kukhoma, chakudya osachikhudza.

Anzanga muli kunja kuno, funsani mukadali ndi mphamvu kuti ndalama yomwe amakudulaniyo idzakuchitirani chiyani. Ife nyumba tinamanga kuti tikapumuliremo. Sitinagonemo n'kamodzi komwe, koma ndi imene ikutigoneka ndi njala.