Amene Anaphunzitsa Alendo Nyimbo ya Bweza

Ine, Duwa Silvano Mkwanda, wa zaka 22, wa ku Chiwanga, wosakwatiwa, wogwira ntchito yochapa ndi kusesa pa pensau, nyumba yogona alendo ya m'mbali mwa nyanja, ndikunena izi lero Lolemba pa 19 Agosito 2024. Sukulu ndinalekeza kinta kalasi, kalasi yachisanu. Palibe wandiitana. Ndabwera ndekha kuno ku polisi chifukwa a Bernardo, mlendo wa pa pensau pathu, ali m'chitokosi kuyambira Loweruka. A Issufo, eni ake a boti, anawasumira kuti anaimba dala nyimbo ya omira m'nyanja, akudziwa ntchito yake, kuti mabwato abwere iwo ajambule. Ine ndinalipo kuyambira pachiyambi.

Lolemba pa 5 Agosito, cha m'ma 3 ora masana, pa pensau panafika galimoto ndi anthu anayi ochokera ku Beira, amuna atatu ndi mkazi mmodzi. Onse anavala zakuda. Mtsogoleri wawo anali a Bernardo, oimba gitala. Tsitsi lawo limafika m'chiuno. Mkaziyo anali a Alzira, aafupi kuposa ine. Anatsitsa magitala atatu, ng'oma zisanu ndi mbale zake zachitsulo, jenereta, kompyuta, ndi mabokosi anayi akuda otulutsa mawu amene iwo amati makoluna. Koluna imodzi inkandifika pachifuwa. Pa ng'oma yaikulu panalembedwa dzina la gulu lawo m'Chipwitikizi. A Alzira anati limatanthauza nangula wa dzimbiri.

Mwa anayiwo, a Alzira okha ndiwo amalankhula Chinyanja, chifukwa amayi awo ndi a ku Tete. Ankanditchula kuti mana, ndiko kuti mchemwali. Ndikuyala pabedi lawo anandiuza kuti abwera kudzamaliza disiko ya nyimbo khumi ndi ziwiri. Mawu awo anali awa: "Kaimbidwe kathu timati metali. Koma pa disiko iyi palibe yathu ngakhale imodzi, mana. Tikutenga zakale za eni ake, n'kuziveka chitsulo." Anati ali nayo ya anthu okonza njanji, ya opera chimanga, ya ukwati, ndi zina. Ya kuno ku Niassa ndiyo inali isanapezeke.

Lachiwiri pa 6, cha m'ma 7 ora m'mawa, anayamba kuimba m'chipinda chodyera. Ine ndinali pakhomo ndi ndowa ya madzi. Madzi a m'ndowamo anayamba kunjenjemera. Matambula awiri anayenda okha patebulo, limodzi linagwa. Malata ankalira. Phokoso ndinkalimva m'mimba ndi m'mano. A Alzira atatsegula pakamwa panatuluka mawu aakulu, okhuthala, ngati a bambo wamkulu ali mumgolo. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo kuti ndione woimbayo. Kunalibe munthu. Pakati pa nyimbo ndinaizindikira. Inali ya ukwati imene ndinkaimva pa wailesi ndili mwana. Sanasinthe liwu ngakhale limodzi. Ndowa ndinaitula nyimbo itatha.

Nthawi imeneyo anafika a Akimu ndi chambo. A Akimu ndi a zaka zopitirira 70, akazi awo anamwalira, amakhala okha ndipo amapita panyanja okha pa bwato laling'ono. Anasuzumira pazenera, nati kwa ine: "Mwana wa Silvano, ndani wamangirira ng'ombe modyeramu?" A Alzira anamva, anaseka mpaka anakhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkachapira pansi pa zenera lomwelo.

Kwathu ku Chiwanga kuli nyimbo imene timaitcha Bweza. Amaimba akazi, pagombe, pokhapokha munthu akasowa m'madzi. Bwato limene laimva limamenya nkhafi m'mbali mwake kuti lina limve. Aliyense amasiya ukonde pomwe uli, ngakhale uli wodzaza, n'kubwerera kumtunda. Mwini bwato aliyense amatchula anthu ake mayina. Kenako amapita kukasaka. Ikayambika siilekezedwa mpaka wosowayo apezeke. Tsiku wamba siiimbidwa. Ine ndinaiphunzira ndili ndi zaka khumi, pamene atate anga a Silvano anamira pa 14 Agosito 2012. Tinaiimba masiku awiri.

Lachitatu pa 14 Agosito, cha m'ma 11 ora, ndinali kuseri kwa khitchini ndikuchapa nsalu za pabedi. Ndinaiimba nyimboyo chapansipansi. Sindinaone kuti a Alzira aima pa chingwe choyanikira. Anandipempha kuti ndibwereze. Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinaimba, iwo akujambula pa telefoni yawo. Nditamaliza anandifunsa kuti: "Imaimbidwa liti imeneyi?" Ndinayang'ana m'beseni. Ndinayankha kuti: "Ndinaimva kwa amayi." Anafunsanso kuti: "Ili ndi mwini wake woti tikapemphe?" Ndinati: "Ndi yakale." Sindinanene china. A Bernardo panalibe.

Lachinayi pa 15 anakhala m'chipinda chawo tsiku lonse, akuiphunzira popanda jenereta. Kunja sinkamveka.

Lachisanu pa 16, cha m'ma 8 ora m'mawa, anatulutsa makoluna onse anayi n'kuwaika pamchenga, moyang'ana kunyanja, masitepe ngati makumi awiri kuchokera pamadzi. A Alzira anati akufuna mafunde amveke mu disiko. Kunali vuma, mphepo yochokera kumtunda kupita kunyanja. Mabwato ambiri anali kutali, ena akuvuula matchera, ena akukoka ukonde waukulu wa chilimira. Ine ndinali kusesa khonde. A Alzira anandifunsa kuti: "Lero ndi yako ija, mana. Palibe vuto?" Ndinagwedeza mutu ngati ndikuvomera.

Anayamba 9 ora itangokwana. A Bernardo anakhudza gitala kamodzi, mawu ake anapitirira osatha. Mbalame zonse za pathanthwe zinauluka. Ng'oma zinalowa pang'onopang'ono, mofanana ndi kupalasa kwa anthu otopa. Kenako a Alzira anaimba kuti: "Nyanja bweza, tabwera ndi nsalu." Mawuwo anapita pamadzi, anakagunda phiri, anabwereranso. Ndinali masitepe khumi kuchokera pa jenereta. Ndikudziwa pozimitsira, chifukwa ndimaipukuta. Sindinasunthe. Tsache linali m'manja mwanga.

Pasanathe mphindi zisanu akazi amene ankayanika usipa pa matandala anasiya madengu n'kuthamangira kugombe. Ena anali akulira kale. Amayi anga anafika opanda mpango kumutu. Panyanja ndinamva nkhafi zikumenyedwa m'mbali mwa mabwato, kuyambira pafupi mpaka kutali kumene diso silifika. Mabwato onse anatembenuka. Anabwera m'mizere, aang'ono ndi aakulu, ena ochokera mbali ya Metangula. Ndinawerenga 47, kenako ndinasiya.

Oimba anali atatsinzina, mitu ili pansi. Woyamba kuona anali wa ng'oma. Anasiya kuimba, ena onse anasiyanso. Apa m'pamene mnzawo wachinayi anatulutsa telefoni n'kuyamba kujambula, mabwato atafika kale pafupi. A Bernardo anafunsa a Alzira m'Chipwitikizi kuti kwachitika chiyani. A Alzira anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

Makoluna atakhala chete akazi anaitenga nyimbo pomwe inalekera. A Issufo anatsika m'boti lawo akufunsa kuti wamira ndani. Atamva kuti oyamba nyimbo ndi alendo, anagwira a Bernardo pamalaya, nati: "Ndadula chilimira changa chifukwa cha masewera anu?" Amayi anga anati: "Che Issufo, werengani anthu kaye. Ndewu pambuyo."

Anayamba kutchula mayina, boti ndi boti, bwato ndi bwato. Zinatenga pafupifupi theka la ora. Onse anavomera. Anthu anayamba kutembenukira kwa alendo. Pamenepo ndinaona kuti pansi pa mtengo pamene a Akimu amakokera bwato lawo palibe kanthu, ndipo chambo cha pa pensau chinali chisanabwere. Iwo amafika 8 ora isanakwane. Ndinauza amayi kukhutu. Amayi ananena mokweza. Mwini bwato wina anati anawaona 6 ora akulowera kumpoto, kuseri kwa miyala. Palibe anawatchula powerenga, chifukwa alibe mwini bwato wowatchula.

Maboti asanu a injini ananyamuka. Loyamba linali la a Issufo. Mawu a akazi anali atayamba kusasa. Amayi anga anapita kwa a Alzira, anaima pamaso pawo, nati: "Mwaiyamba ndinu. Yatsani chinthu chanucho. Musaleke mpaka abwere."

Anayatsa cha m'ma 10 ora. Anaimba nyimbo imodzi yomweyo osapuma. Akazi oposa makumi asanu anaima mozungulira makoluna akuyankha. A Alzira akatsika pansi ndi mawu awo aja, akazi ankakwera pamwamba. Amayi a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi anali pamzere umodzi. Mchenga unkadumpha pamwamba pa koluna. Nsambo imodzi ya gitala ya a Bernardo inaduka, iwo anapitiriza ndi zotsala. Ndinaona magazi pa zala zawo ziwiri ndi pa gitalapo. Wa ng'oma anathyola ndodo, mayi wina anamupatsa mthiko. Mafuta atachepa, mwini pensau anathira ena jenereta ikulira. Ine ndinaimba nawo. Sindikudziwa nthawi imene ndinayamba.

11 ora itapitirira ndi mphindi 40, boti la a Issufo linaonekera, munthu ataima kutsogolo akukupiza malaya. A Akimu anali chigonere pansi m'botimo, atafunditsidwa thumba. Anali moyo. Anawapeza pamtunda wa makilomita ngati atatu, atakumbatira bwato lawo lotembenuzika, chingwe chake atachikulunga padzanja. Nyimbo ya Bweza ili ndi ndime yotsiriza imene timaimba mtembo ukafika. Akazi anayang'anana. Palibe anaiimba. A Bernardo anazimitsa gitala, anakhala pamchenga. Pagombe ponse panali zii, kupatula mafunde.

Anawanyamula a Akimu kudutsa pafupi ndi makoluna. Anapempha kuti aime. Milomo yawo inali yotuwa, ankanjenjemera. Analoza a Alzira, nati: "Manja anali atandithera. Ndinamva ng'ombe ija ikundiimbira maliro. Ndinati ayi, Akimu saikidwa ndi mawu oipa chotere." Kenako anapita nawo kuchipatala.

Masana a Issufo anabwerera kukafuna chilimira chawo. Anachipeza chitakodwa m'miyala, chitang'ambika pakati. Loweruka pa 17, cha m'ma 9 ora, apolisi awiri anabwera kudzatenga a Bernardo ndi kompyuta. A Issufo anali pomwepo. Anati alendowo sakanaidziwa nyimbo popanda kuuzidwa ntchito yake, ndipo kupezeka kwa a Akimu ndi nkhani ya Mulungu, si ya iwo. Wapolisi anafunsa a Alzira kuti anawaphunzitsa ndani. Iwo anati anaimva m'mudzi. Ine ndinali pakhonde, masitepe anayi kuchokera pamene anaima. Sanandiyang'ane. Ine sindinalankhule.

Lamulungu pa 18, titachoka ku tchalitchi, ndinauza amayi anga zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa kuti linali tsiku lanji. Ndinati pa 14, tsiku limene atate anamira. Analowa m'nyumba, anatulutsa nsalu yawo yatsopano ya kapulana, nati: "Mawa uvale iyi. Ukalankhule mokweza, kumeneko sakumva zonong'ona."

Lero m'mawa ndinapita kwa a Issufo ndisanakwere njinga. Ndinawapeza akusoka chilimira. Ndinawauza kuti amene anaphunzitsa alendo ndine, ndipo sindinawauze ntchito yake. Anati: "Iwe? Amene sumveka ngakhale popereka moni?" Ndinati ndine. Ndinati ndimadziwa kusoka ukonde, atate anandiphunzitsa, ndipo ndizibwera masana aliwonse mpaka utatha. Anasuntha pang'ono pamphasa, n'kuika singano yachiwiri pambali pawo.

A Bernardo sanadziwe. A Alzira anafunsa katatu. Mafunso awiri oyamba ndi mayankho anga ali mu telefoni yawo, pa tsiku la 14, mukhoza kumvetsera. Munthu amene ankadziwa ntchito ya nyimboyo, amene anali pafupi ndi jenereta ndipo sanazimitse, ndine.

A Akimu anatuluka m'chipatala dzulo. Abwera nane, ali pabenchi panjapo ndi chambo ziwiri. Akuti imodzi ndi ya watsitsi, ina ya ng'ombe, ndipo sachoka mpaka apereke m'manja.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo ndi mmene ndanenera.

Wopereka umboni: Duwa Silvano Mkwanda ____________________