Kakitasi ka a Madina Kabereka

Popita ku Mangochi, alandilodi athu ku Bangwe kuno, a Madina, anasungitsa kakitasi kwa alenti awo, a Bonifasi ndi akazi awo a Bernadeta. Ndi kachomera kaminga ka m'chipululu, kochepa ngati chibakera, kamene malemu amuna a alandilodiwo anakalera zaka khumi ndi zitatu, ndipo lamulo linali limodzi: "Padzuwa basi, madzi ayi, kamaola." Lero eni ake ali m'minibasi kubwerera, ndiye pakhondepo pavuta.

"Bambo a Angela, chokani ndithire," anatero a Bernadeta, ndowa ili m'manja.

"Anati madzi ayi."

"Miyezi iwiri osakula! Manyazi bwanji! Kwathu ku Nsanje akakusungitsa mbuzi umabweza yonenepa."

"Iyi si mbuzi." A Bonifasi anatulutsa tepi yawo ya ukalipentala. "Kanabwera masentimita asanu ndi awiri, kabwerera asanu ndi awiri."

"Aziti timakamana chakudya! Kapu imodzi yokha."

"Kapu ya chiyani?"

"Ya madzi, nanga ya tiyi?"

"Za tiyi sananene. Koma mu tiyi muli madzi, ndiye ayi."

"Iii, Ambuye! Ndinakwatiwa ndi tepi ine! Chomera chili chonse chimafuna madzi, bambo inu!"

"Kakaola, nyumba ino atitulutsa. Mukagona pamaliketi?"

A Bernadeta anawerama kuti akalande m'chitini mwakemo, kenako anakuwa mpaka agalu a kwa aneba kuuwa.

"Kabereka! Onani kamwana kumbaliku, kangati nsawawa!"

A Bonifasi thukuta kamukamu. "Mayo ine! Anatipatsa kamodzi. Tibweza bwanji tiwiri?"

"Lululu! Dzanja langa ndi lamwayi!"

"Simunakakhudze n'komwe."

"Ndimakayang'ana mwachikondi."

"Anati tisunge, sanati tiswetse." Anatenga mpeni, nabenthula kamwanako mosamala, minga iwiri n'kuwabaya pachala. "Aisee! Eya, katsala kamodzi monga mwa lamulo. Aka ndikataye."

"Mutaye? Wosunga mbuzi amapatsidwa mwana woyamba! A Madina ndikawauza ndekha. Aka n'kanga!"

Mayiwo anathamanga, kutola chitini cha majarini, kuboola pansi ndi msomali, kudzaza mchenga wouma, n'kukhazikamo kamwanako uku akuvinavina.

"Pofika zaka khumi kadzakhala ngati dzira," ananyadira. "Angela adzakatenga paukwati wake."

A Bonifasi anaima kuganiza. Munthu uja akamva chinthu amachigwira momwemo. Lamulo la a Madina linali la kakitasi ka a Madina. Aka tsopano n'ka a Bernadeta, amene anena okha kuti chomera chili chonse chimafuna madzi. Ananyamula ndowa ija mwaulemu, nayandikira.

A Bernadeta anafungatira chitini pachifuwa, minga osaiwerengera.

"Mwapenga? Dontho limodzi lokha, mugona ndinu pamaliketi! Simunamve a Madina kuti kamaola?"